Dambo Louma la ku Kvernås

Lolemba, 8 Seputembala

Foni ya a Halvard, wapampando wa kalabu yathu, ndisanamwe n'komwe khofi. Moni ayi. "Iwe Runa, pa 31 Ogasiti unali kuti?"

Akudziwa kale. Aliyense akudziwa. Wotchi yanga yothamangira inatumiza yokha pa intaneti njira yonse imene ndinayenda tsiku limenelo. Maola atatu m'nkhalango ya Kvernås, mzere wofiira wokhotakhota, dzina langa pamwamba. Ine amene ndimaseka anthu oiwala kutseka zimenezi! Wina wajambula, watumiza kwa oweruza a mpikisano. Dzina lake wabisa. Wamantha.

Kvernås ndi yoletsedwa, chaka chachiwiri tsopano. Mpikisano wa dziko lonse wothamanga ndi mapu, kufunafuna mbendera zobisidwa m'nkhalango, uchitikira mmenemo Loweruka lino. Ndiye wothamanga aliyense, ndi aliyense wothandiza othamanga, sapondamo mpaka tsikulo, kuti pasapezeke wodziwiratu nkhalangoyo. Chabwino. Koma ine sindithamanga nawo. Ndine wokonda masewero chabe, wokhala pa kompyuta n'kumatsata timadontho ta GPS. Ndinawauza choncho.

"Wokonda masewero chabe?" anatero. "Si iwe unatisowetsa mtendere mu Juni kuti dzina lako lilembedwe pa timu? 'Wounika njira.' Lilipo dzinalo, pansi pa langa."

Lilipodi. Miyezi inayi ndikulimbana ndi madala a m'komiti kuti alilembe. Lero ndi chingwe chondimangira.

Oweruza akumana Lachinayi. Akhoza kuwaletsa achimwene Sverre kuthamanga Loweruka, poti ndine mlongo wawo, nyumba imodzi, tebulo limodzi. Achimwene: zaka 34, bondo lakumanzere latha, adokotala anati chaka chino n'chomaliza. Pa mtunda wautali anakhalapo wachinayi kawiri. Mendulo, olo imodzi.

Ndawauza a Halvard kuti ndinakazula bowa. M'dziko lino munthu aliyense ali ndi ufulu woyenda m'nkhalango iliyonse. Kapena lamulo limenelo analifufuta usiku ine ndili mtulo?

Lachiwiri, 9 Seputembala

Kukanyumba ka kalabu. Madala anayi, mbaula, fungo la masokosi onyowa la zaka makumi anayi. Akazi a Halvard anatumiza mawafo, timikate tofewa tija, ndi tchizi chabulauni, ngati pali maliro.

Ndinawapeza a Halvard akuyeza njira pa mapu a mpikisano wa sabata yatha. Ndi ulusi. Ulusi wosokera! Amaugoneka pa mapu motsata njira, kenako n'kuuyika pa rula. M'chaka chino. Ine ndili ndi digiri ya sayansi ya mapu, ndili ndi GPS ya mipikisano yoposa mazana anayi, ndili ndi pulogalamu imene ndinalemba ndekha, yonena njira yachangu pakati pa mbendera ziwiri zilizonse. Mu Julaye zimene ndinalemba za mpikisano wa dziko lapansi zinawerengedwa ndi anthu zikwi zitatu. A m'kalabu muno amene anawerenga: amayi anga okha.

"Ulusi sunanditumizepo kwa oweruza," anatero, osadzutsa mutu. Ena aja phwete.

Akufuna ndilembe kalata yopepesa, ndinene kuti ndinaiwala za chiletso. Kuiwala! Ine ndi amene ndinaika mapu a malo oletsedwawo pa tsamba la kalabu.

Sindipepesa. Funso langa n'lakuti, nanga Tarjei? Tarjei, amene aliyense akuti apambana Loweruka, anabadwira m'mphepete mwa Kvernås. Zaka khumi ndi zisanu akuthamanga mmenemo chiletso chisanabwere. Mwala uliwonse anaukhalirapo. Zaka khumi ndi zisanu za Tarjei si mlandu, maola anga atatu ndi mlandu. Osaka nyama akulowamo, oyenda ndi agalu akulowamo, ana a sukulu akulowamo. Lamulo lopangidwa nthawi ya ulusi.

A Halvard: "Mwana iwe, masewero ano mulibe wapolisi kuseri kwa mtengo. Munthu ali yekha ndi mapu ake. Chimene chimatigwira n'kukhulupirirana basi." Ndinawayankha kuti kukhulupirirana sikuyezeka. Anandiyang'ana ngati ndalavulira m'khofi mwawo.

Poti buku ili ndi langa ndekha: bowa ndinazuladi, thumba lathunthu, wachikasu uja. Koma sindinapitire bowa. Pulogalamu yanga inalozera pamene wokonza mpikisano angaike chigawo chachitali cha pakati pa mbendera ziwiri, ndipo ndimafuna kuona ndi maso ngati ikunena zoona. Mpikisano ukatha ndikanatulutsa zonse, ndi tsiku lake: onani, ndinaneneratu. A timu ya dziko akanayankha makalata anga atatu opempha ntchito. Chaka chathunthu chithereni sukulu, ndikugonabe m'chipinda chimene ndinkagona ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu, zithunzi za mahatchi zikadali pakhoma.

Lachitatu, 10 Seputembala

Pa intaneti andidya wamoyo. "Kazitape wa bowa." Wina wajambula dengu la bowa lili ndi kampasi. Ndemanga 212, ndawerenga zonse, zina kawiri. Ambiri a iwo ndi anthu amene mu Julaye ankati ndine katswiri.

Amayi, akusenda mbatatesi: "Digiri yakoyo sinakuphunzitse kuzimitsa wotchi?" Kenako anayamba kulira, akuti ndi anyezi. Panalibe anyezi.

Achimwene salankhula. Lachitatu lililonse ndimapita nawo kunkhalango ya kuseri kwa manda, ine n'kumawerenga nthawi pa mbendera iliyonse. Lero ndangomva galimoto ikutuluka. Atabwera anakhala pakhonde, thumba la nandolo wozizira wa m'firiji pabondo. Ndinawatengera khofi.

Ndinati, "Achimwene, mawa ndiwauza kuti..."

Anakweza dzanja. "Usandiuze kanthu, chemwali. Chilichonse chimene chili m'mutu mwakomo chikhale momwemo."

"Nanga mwandikwiyira?"

"Ndikuganiza za bondo."

Bodza. Munthu woganiza za bondo sayang'ana mpanda kwa ola lathunthu.

Chimandiwawa n'chakuti palibe amene akufunsa funso lenileni. Kodi chiletso chotere chili ndi nzeru masiku ano? Aliyense wa kompyuta akhoza kutsitsa zithunzi za nkhalango yonse zojambulidwa pa ndege, kakhwawa kalikonse, kamwala kalikonse. Matimu akuluakulu amalipira anthu kuti azichita zomwezo. Zimenezo n'zololedwa. Kuponda ndi nsapato ndiye tchimo. Ndalemba masamba anayi ofotokoza zimenezi. Akawerenga, asintha lamulo. Akapanda kusintha, ndiye kuti ndi madala basi.

Lachinayi, 11 Seputembala

M'kalasi ya sukulu ya pulayimale pafupi ndi bwalo la mpikisano. Timipando ta ana, mawondo kukhosi. Oweruza atatu. Wotsogolera ndi mayi Bodil, a imvi zometa, juzi yoluka pamanja. Ankathamanga amayi anga asanakwatiwe.

Masamba anga anayi anawaika pambali osawerenga. "Izi mukapereke ku msonkhano wa pachaka." Ndinatsala pang'ono kuphulika.

Kenako anatulutsa pepala. Njira yanga ija anaisindikiza pamwamba pa mapu akale a Kvernås. Ndimaganiza kuti sadziwa n'komwe kuchita zimenezo.

"Mayi Runa, apa ndikuona bowa," chala pa mzere wokhotakhota. "Apanso bowa. Koma apa." Chala pa dambo lalikulu la pakati pa nkhalango, mamita 600 kutalika kwake. "Apa mwadutsa molunjika, mothamanga. Mwabwerera. Mwadutsanso. Kenako mwazungulira dambolo kudzera kuphiri, mothamanganso, ndipo pa malekezero onse mwadina wotchi. Bowa ameneyu ankakuthawani?"

Woweruza wina anatsokomola kuti abise kuseka.

Ndinavomera kuti ndimayesa pulogalamu yanga. Ndinayamba kufotokoza mmene imagwirira ntchito. Anandidula.

"Funso n'limodzi. Mwamuuzapo mlongo wanu, kapena wothamanga wina aliyense, chilichonse cha zimene munaona?"

Ndinati ayi.

"Olo mawu amodzi?"

Ndinati ayi.

Anatembenukira kwa achimwene. "Sverre, ndakudziwa uli ndi zaka khumi, ukulira pa mbendera yachitatu chifukwa unataya kampasi. Wamva kanthu?"

Achimwene anayang'ana manja awo. "Ine sindinamufunsepo kanthu, mayi."

Mayi Bodil anawayang'ana. Kenako analemba.

Chigamulo: achimwene athamanga Loweruka. Ine ndafufutidwa pa timu, ndipo kwa chaka chathunthu sindiloledwa kumalo a othamanga pa mpikisano uliwonse. Ndizikhala ndi anthu wamba, kuseri kwa chingwe, pafupi ndi ogulitsa masoseji.

Chaka chathunthu! Popanda umboni woti ndinathandiza munthu! A Halvard panja: "Wapulumuka ndi chifundo, uthokoze." Ndithokoze chani? A timu ya dziko akangolemba dzina langa pa intaneti, choyamba kutuluka ndi dengu la bowa.

M'galimoto pobwerera, makilomita 40, wailesi yokha.

Lachisanu, 12 Seputembala

Mvula siinagwe. Sabata yachisanu ndi chiwiri.

Achimwene akonza zovala, amata zomatira pa zingwe za nsapato, adya pasita wawo wa masiku onse. Ine ndayesa kuunika mpikisano wa azimayi wa lero. Ndime ziwiri, ndafufuta.

Pali chimene sindinalembe m'buku lino.

Pa 31 Ogasiti pomwepo, pa chakudya chamadzulo. Amayi akazinga bowa uja ndi batala. Achimwene anandifunsa kumene ndinamupeza wambiri chotere, ndinati kwinakwake. Anaseka, akuti kwinakwake kwakoko n'kouma bwanji, nsapato zako zilibe n'thope lomwe. Ndipo ine, pakamwa panga posatsekekapa, ndi chisangalalo choti pulogalamu yanga yanena zoona, ndinati: "Dambo lalikulu la ku Kvernås lauma gwa. Pa mapu ndi madzi, koma mukhoza kuthamangapo ngati pamsewu. Mumapulumutsa pafupifupi mphindi ziwiri kuposa kuzungulira."

Basi. Sindinanene zoposa pamenepo.

Achimwene anaika foloko pansi. Sanamalize kudya. Amayi anali kukhitchini, sanamve.

Ndiye dzulo ndinanama. Inde. Ndalemba. Koma tiyeni tione bwinobwino. Chilimwe chonse chakhala chouma, mwana aliyense akhoza kuganiza kuti madambo auma. Tarjei akudziwa dambo limenelo kuposa bedi lake. Ndipo mwina mpikisano sudutsa n'komwe kumeneko. Pulogalamu yanga imati mwayi wake ndi 7 pa 10. Koyamba m'moyo ndikulakalaka itakhala yolakwa.

Ndikanati inde, achimwene akanakhala pakhomo mawa. Mpikisano wawo womaliza akanauonera pa foni. Chifukwa cha kulongolola kwanga pa bowa. Ndani akanati inde? A Halvard? Anene zoona.

Ndipo achimwene nawonso sananene zonse. "Sindinamufunsepo kanthu." Ochenjera. Ndiye asandiyang'ane ngati wonama ndine ndekha.

Loweruka, 13 Seputembala

Ndalemba izi madzulo.

Bwalo: munda wa mlimi wodulidwa udzu, mahema a makalabu, mbendera, ana m'fumbi. Ine kuseri kwa chingwe monga anagamulira, moyang'anana ndi sikirini yaikulu. Mnyamata wogulitsa masoseji anandizindikira: "Achemwali, lero bowa tilibe, pepani."

Wothamanga aliyense akalandira mapu n'kulowa m'nkhalango, ife timangoona kadontho kake pa sikirini. Atangotulutsa mapu a mpikisano, maso anga anathamangira padambo. Makilomita 16, mbendera 27. Kuchokera pa mbendera ya 9 kupita pa ya 10, makilomita awiri ndi theka, dambo lalikulu pakati penipeni. Ndendende pamene ndinalozera. Ndinaneneratu. Ndinaneneratu, ndipo ndilibe munthu woti ndimuuze.

Achimwene anayamba bwino kuposa kale lonse. Kadontho kobiriwira. Mbendera ya 3, m'chigwa cha miyala mmene anthu asanu anasochera, iwo analowa ngati akulowa m'khitchini mwawo. Pa ya 6 ali patsogolo pa Tarjei ndi masekondi 15. Pa ya 9, masekondi 40. Wolengeza akukuwa dzina lathu. Amayi andifinya mkono mpaka zikhadabo kulowa.

Amene anadutsa kale pa chigawocho anali atagawikana. Amantha anazungulira kuphiri. Olimba mtima anayang'ana kumwamba kopanda mitambo, n'kuyesa mwayi padambo. Onse odutsa padambo anapindula pafupifupi mphindi ziwiri. Sikirini imaonetsa poyera, wolengeza ananena kangapo. Tarjei anadutsa pakati osachepetsa liwiro.

Kadontho kobiriwira kakutsika kuchokera pa 9. Molunjika kudambo. Ndikuti mumtima, pitani, pitani.

Kanafika m'mphepete. Kanaima.

Ndinayesa kuti GPS yasokonezeka. Sekondi, ziwiri, zitatu. Ndinawerenga zisanu ndi ziwiri. Munthu amene saima olo pomwa madzi.

Kenako kanakhotera kumanzere. Kuphiri. Mamita 70 okwera, miyala yokhayokha, ndi bondo lija.

Ndinakuwa. Sindikumbuka mawu ake, koma mayi wina anatseka makutu a mwana wake. Wolengeza: "Ayi, ayi, Sverre, n'chifukwa chiyani? Munthu wodziwa zinthu ngati uyu!"

Pa mbendera ya 10 anali kumbuyo kwa Tarjei ndi mphindi imodzi ndi masekondi 12. Kuyambira pamenepo anathamanga ngati wamisala, zigawo zisanu ndi chimodzi mwa zomaliza ndi iwo achangu kuposa onse. Sizinakwane. Tarjei woyamba. Achimwene wachinayi. Masekondi 19 kumbuyo kwa mendulo ya mkuwa.

Wachinayi kachitatu.

Uchitsiru! Uchitsiru weniweni! Ndani akanadziwa? Anthu khumi ndi anayi anadutsa padambo limenelo lero. Ndawerenga, khumi ndi anayi. Palibe akanati kanthu. Ine ndinanama pamaso pa mayi Bodil, ndataya chaka, ndasanduka nthabwala ya wogulitsa masoseji, kuti iwo akaime m'mphepete mwa dambo n'kumadziyesa oyera mtima. Anandifunsa ine? Mendulo imeneyo inali yawo. Inali ya amayi, amene akhala akuchapa masokosi amatope zaka makumi awiri ndi zisanu. Inali yanganso, pang'ono.

Pa mzere womaliza anagwa chagada, mapu ali pachifuwa. Sindinathe kuwafika. Chingwe.

Lamlungu, 14 Seputembala

Mwambo wa kalabu: tsiku lotsatira mpikisano, aliyense amajambula njira yake ndi cholembera chofiira pa mapu ake n'kuwapachika pakhoma la kanyumba kaja. Khofi, makeke, kukangana. Ndinapita chifukwa amayi anandikakamiza kunyamula thireyi.

A Halvard ndi ulusi wawo pa mapu a achimwene. Anayeza padambo, anayeza kuphiri, anayezanso. "Mamita 400 owonjezera, kuphatikiza chikweza. Sverre mwana wanga, pamenepa unagona. Ndikanakhala ine, chilimwe chouma ngati ichi..." Ena onse akugwedeza mitu, aliyense katswiri. Achimwene, ndodo yoyendera ili pambali: "Eya, ndinalakwitsa, madala. Mutu unatopa." Akumwetulira n'kumwetulira.

Ndinatuluka. Ndikanakhala mphindi ina ndikanagubuduza tebulo.

Achimwene anandipeza pagalimoto. Kuyendetsa sangathe, bondo latupa ngati dzungu, ndiye makiyi anandiponyera ine. Tisanatuluke n'komwe pageti ndinayamba. Ndinawauza za anthu khumi ndi anayi aja. Ndinawauza za masekondi 19. Ndinawawerengera mipikisano yawo yonse imene ndili nayo mu kompyuta: zaka zisanu, zigawo 61 zokhala ndi dambo pakati, ndipo pa 55 mwa izo anadutsa molunjika. Mvula kaya dzuwa. Mpaka anthu amawatcha Kanyimbi wa m'Dambo, poti amafika pa mzere akununkha thope. "Inuyo simuzungulira dambo, achimwene! Simunazungulirepo! Aliyense akanati ndi Sverre wa masiku onse!"

Anandisiya mpaka mpweya unandithera.

"Wamaliza?"

Ndinati sindinamalize.

"Manambala akowo ndi oona," anatero. "Pa mbendera ya 9 ndinangoyang'ana mapu, miyendo inasankha yokha. Molunjika. Ndinafika m'mphepete muja, ndinaona ndi maso anga kuti pauma. Phazi linali litakwera kale. Kenako ndinamva mawu ako, ndi fungo la bowa wa batala. Ndinaima pamenepo kufunafuna kuti amene wasankha njirayi ndi ndani, ine kapena iwe. Sindinamupeze."

Ndinati zimenezo n'zopanda nzeru.

"Mwina." Anatsegula windo. "Koma udziwe ichi, chemwali. Ukanapanda kundiuza, ndikanadutsa pomwepo."

Sananene mokalipa. Bola akanakalipa.

Tinafika pakhomo. Anatsika movutikira, ndinawagwira mkono pa masitepe, analola.

Masana onse ndakhala pa kompyuta. Anthu akudikira zimene ndilembe za mpikisano wa dzulo, ena afunsa kale, akuti kazitape wa bowa atiuze maganizo ake pa chigawo cha 10. Manambala onse ndili nawo. Njira ya padambo: mphindi 13 ndi masekondi 5. Ya kuphiri: mphindi 14 ndi masekondi 57. Pulogalamu yanga inaphonya ndi masekondi anayi okha. Anayi! Palibe wina m'dziko lino akanatha.

Pansi pa dzina la achimwene pulogalamu yalemba yokha, monga ndinaiphunzitsira: "Kulakwitsa posankha njira: 1:52." Ndayesa kusintha mawuwo. Bokosilo limangolandira dzina la wothamanga. Sindinaike malo olembapo dzina la munthu wina.

Ndatseka zimenezo. Ndatsegula kalata yatsopano. Ndikaitumiza, oweruza akhoza kufufuta ngakhale nambala 4 ya achimwene ija, mpikisano wawo womaliza n'kukhala ngati sunachitike. Ndiyenera kuwafunsa kaye. Ali pansi, ndikumva akuseka ndi amayi, mbale zikulira. Sindikudziwa ngati ndikuopa kuti akana kapena kuti avomera.

Pakadali pano ndalemba chonchi: "Mayi Bodil, Lachinayi munandifunsa kawiri, ndipo kawiri konse ndinati